Dzina Lobwereka

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, bambo ameneyu ankavomera dzina la mwini. Kusukulu komwe ankaphunzitsa masamu m'tauni ya Chipata ankamuti a Daka. Pachitupa chaboma, pamasatifiketi, pakalata yaukwati, ponseponse panalembedwa Lawrence Daka. Chonsecho mayi ake atamubala ku Tamanda anamutcha Paison, ndipo bambo ake anali a Miti.

Sizinali zachilendo masiku amenewo. Paison analephera mayeso a giredi seveni, ndipo kubwereza sankalola. Chaka chomwecho malungo anatenga Lawrence, mwana wa mayi ake aakulu a Rosina, ali giredi sikisi pasukulu ina. Maliro akumudzi sankafika papepala, choncho dzina la malemuyo linali likadali m'kaundula. Akuluakulu anakhala pansi nagwirizana kuti Paison alowe m'dzinalo. A Miti anang'ung'udza, koma anzawo anawauza kuti dzina silidyedwa, chofunika n'chakuti mwana aphunzire. Mwanayo anaphunziradi, mpaka kukoleji, dzina lija lili pamsana.

Chinamutembenuza mtima chinali chiliza. Pomanga chiliza cha a Miti chaka chatha, mmisiri wolemba pamwala anamufunsa mosaganiza n'komwe kuti, "Kodi a Daka, malemuwa anali apongozi anu?" Paison anaseka nawo, koma funsolo linamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Tsopano mwana wake woyamba, Nomsa, anali atafika msinkhu wotenga chitupa. Mtsikanayo akangolembedwa Daka, dzina la Miti likanathera pamwala paja.

Anapita kwa loya, yemwe anamulembera kalata yosinthira dzina namuuza kuti ilengezedwe m'nyuzipepala yaboma. Paison ankayesa kuti wamaliza. Koma kuofesi yazitupa, mayi wina wamagalasi anamvetsera nkhani yonse, nagwedeza mutu ngati munthu amene waimvapo kambirimbiri. Anati pakufunika wachibale wamkulu woti adzalumbire za kubadwa kwake, ndiponso za kumene mwini dzina anapita. Makolo a Paison onse anali kumanda. Wamkulu wotsala anali mmodzi yekha, a Rosina.

Apa ndiye mphunzitsi wathu, katswiri wa masamu ovuta, anasowa poyambira. A Rosina analibe mwana wina wamwamuna. Chichitikireni zija sanamuitanepo ndi dzina loti Paison ngakhale kamodzi, ngakhale atakwiya. Kumsika wa Kapata, komwe ankagulitsa nyemba, aliyense ankadziwa za "Lawrence wanga mphunzitsi", ndipo chithunzi chake cha tsiku lomaliza koleji chinali pakhoma pawo, osati pakhoma la a Miti. Paison anazengereza masabata atatu, kalata ili m'thumba la jekete, mpaka mkazi wake anamukumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Anawapeza Loweruka masana ali pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Atapatsana moni, anakamba za mvula, za bondo lawo lotupa, za mbuzi za oyandikana nawo. Nkhani zitatha, anatulutsa kalata ija.

"Amayi, ndikufuna kubweza dzina."

A Rosina sanadzutse mutu. "Kubweza kwa yani? Mwini wake ukamupeza kuti?"

"Ndikufuna ana anga atchedwe dzina la agogo awo, a Miti."

"Lakuluma pati dzinali? Waphunzira nalo, wakwatira nalo, ukudya nalo. Lero lasanduka nsanza?"

Paison anafotokoza za chiliza, za mmisiri uja, za Nomsa. Anafotokozanso kuti kuboma akufuna iwo akalumbire kuti Lawrence anamwalira. Pamenepo manja a mayiwo analeka kusankha nyemba.

"Iwe sudziwa kanthu," anatero motsitsa mawu. "Maliro aja ine sindinawalire mokwana. Patangotha masabata awiri ndinadutsa pasukulu, ndikumva aphunzitsi akuitana mayina. Atati Lawrence Daka, mwana anavomera. Ndinaima panjira, mtolo wa nkhuni uli pamutu, ndikuti basi, sanapite kutali. Chiyambire tsiku lija ndakhala ndikumuona akukula. Ndiye ukuti ndikauze boma ndi pakamwa pangapa kuti anafa?"

Paison anachita manyazi. Zaka zonsezi ankadziona ngati iye ndiye wonyamula katundu, osadziwa kuti mayiwa ankatsamira pa katundu yemweyo. Anapinda kalata ija naibweza m'thumba.

"Ngati zili choncho, Amayi, ndazileka. Ndinauzidwa kupitako Lolemba, koma ndikangowauza kuti ndasintha maganizo."

A Rosina anabwerera ku nyemba zawo. Sanamuperekezenso mpaka pamsewu monga ankachitira nthawi zonse.

Lolemba m'mawa anapita kuofesi kuja mtima uli wolemera, atavomera kuti Nomsa adzakhala Daka. Pabenchi lapanja, pakati pa anthu odikira zitupa, panali a Rosina. Anavala duku lawo lakuda, lija ankavala popita kumaliro.

"Wachedwa," anatero. "Aphunzitsi amachedwanso?"

"Amayi, simunafunike kudzivuta."

"Usandilankhulitse zambiri, ndingasinthe mtima. Mng'ono wanga anandibwereka mwana wake zaka zonsezi osandifunsa kuti ndibweza liti. Ndikafika kumene aliko ndikamuuza chiyani?"

Analowa. Mayi wamagalasi uja anaitana mkulu wolumbiritsa, yemwe anawerenga mawuwo mokweza kuti a Rosina amve, popeza kuwerenga sankadziwa. Anawerenga mofulumira, monga amachitira anthu amene mzere ukuwadikira panja. Kuti wolumbira ndi Rosina Daka wa ku Kapata. Kuti munthu ali pano anabadwa Paison, mwana wa a Miti. Kuti Lawrence Daka, mwana wake wa wolumbirayo, anamwalira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

"Zimenezi n'zoona, mayi?"

Mkuluyo anadzutsa maso nawayang'ana.

"N'zoona. Linali Lachinayi, chimanga chikumasula."

Zimenezo papepala panalibe, ndipo palibe anazilemba. A Rosina anapaka chala chachikulu mu inki nadinda. Anakanikiza nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Kenaka Paison anauzidwa kuti apereke chitupa chakale. Atachitulutsa m'chikwama, a Rosina anatambasula dzanja. Anachiyang'anitsitsa, kachithunzi kofufuma ka mnyamata wowonda wa kolala yaikulu, ndi dzina lija pambali pake.

"Ndinkati akanakula akanaoneka chonchi," anatero. Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, nachipereka okha kwa mayi wamagalasi, ndi manja awiri.

Anatuluka dzuwa litakwera. Paison ankayembekezera kuti amva kupepukidwa, koma chimene anamva chinali chisoni, ngati kuti iye ndiye wakumba manda. Anafuna kupepesa. Koma a Rosina ndiwo anayamba kulankhula, akuyang'ana chala chawo chakudacho.

"Ukudziwa kuti pamanda a mwana uja palibe chiliza?"

Iye anali asanaganizepo zimenezo, ngakhale tsiku limodzi.

"Tikanalembapo chiyani? Dzina la munthu wamoyo sililembedwa pamanda. Pangokhala mulu wa dothi, ndipo ndine ndekha ndimapadziwa. Tsono mmisiri wako wa mafunso uja umuuze kuti mvula ikatha ali ndi ntchito ku Tamanda. Alembe lonse, Lawrence Daka, zilembo zikuluzikulu."

"Ndimuuza, Amayi. Ndipita naye ndekha."

Anatsogola kuti akawaimitsire takisi. Kumbuyo kwake mawu anaitana kuti, "Paison, tandigwira dzanja, bondoli likukana masitepe."

Anatsika masitepe atatu asanazindikire kuti akuitana iye.