Zala Zisanu za Bambo Wendling

Bambo Wendling, wansembe wa parishi yathu ku Iowa, m'dziko la America, ankaikonda nkhani ya nkhondo yolungama ngati mmene ena amakondera nyama yonona. Chaka chilichonse tikatha kukolola chimanga, ankasonkhanitsa anyamata m'holo ya tchalitchi n'kumawawerengera pa zala: nkhondo ikhale ndi chifukwa chomveka, oilamula akhale olamulira enieni, njira zina zonse zikhale zitakanika, isaphe anthu wamba, ndipo zowonongeka zisapose zopulumuka. Ankati anzeru a Mpingo anazipeta mfundozi kwa zaka mazanamazana.

Anyamata ambiri ankangodikira khofi ndi madonasi. Amene ankamvetsera anali mlongo wanga Norbert yekha, ndipo tsoka lake linayambira pomwepo.

Mu 1968 inafika kalata yomuitanira ku nkhondo ya ku Vietnam. Norbert anaiyeza nkhondoyo pa zala zisanu zija, mosapupuluma, ngati mmene ankayang'anira nkhumba asanaigule. Inalephera pa zitatu. Anavala malaya ake opitira ku Misa, ine ndikumuperekeza, kukapempha wansembe kalata yomuikira umboni ku komiti yolemba asilikali.

"Mwana wanga," anatero Bambo Wendling, "mfundozo oyeza ake ndi akuluakulu a boma, osati woweta nkhumba."

"Nanga munkatiphunzitsiranji, Abambo?"

"Kuti mudziwe kuti Mpingo unaganiza mozama."

"Chabwino. Ndiye pa zaka zonsezo, ndi nkhondo iti ya mbali yathu imene munaipeza yosalungama isanathe?"

Bambo Wendling anayamba kufunafuna kaliwo wawo, chonsecho ali naye m'manja. Kalata sanalembe.

Pobwerera ndinamudyetsa mawu. "Iwe, ukakafika kumeneko ukangonena kuti nkhondo iliyonse umaikana, ngati mwana wa a Gingerich uja." A Gingerich, oyandikana nafe munda, anali a mpingo wa Mennonite, umene umakana nkhondo zonse, ndipo mwana wawo komiti ija inamumasula kuti azikakolopa m'chipatala.

"Achemwali, limenelo likhala bodza."

"Bodza lomwelo likusiya wamoyo, chitsiru iwe!"

Wapampando wa komitiyo anali a Orval Pruitt, ogulitsa mathirakitala. Tsiku limene Norbert anakaonekera kwa iwo, chitseko cha ofesi yawo sichinkatsekeka bwino, ndiye ndinamva zonse ndili pabenchi panja.

"Tatiuza mphwanga, adani atalowa mu Iowa muno, ungamenye?"

"Ndingamenye, bwana. Imeneyo ingakhale yolungama."

A Pruitt anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye tikuyalire nkhondo zosiyanasiyana patebulo, uzilawa imodziimodzi, usankhepo yokoma? Lamulo limamasula wokana zonse. Wosankha timam'patsa mfuti."

Tsiku lonyamuka anyamata, Bambo Wendling anawaza madzi odalitsidwa pa basi yonse, ndi matayala omwe. Norbert sanakwere. Anali kukhola, akudyetsa nkhumba. Patapita miyezi ingapo khoti linamugamula zaka zitatu kundende, ndipo nkhumbazo zinatsalira ine.

Chimanga titakolola, wansembe anaitananso anyamata. Ine ndinali kuseri ndikuphika khofi. Zala zinali zisanu zomwe zija, mawu okoma omwe aja, zaka mazanamazana zomwe zija. Chinasintha n'chimodzi chokha. Kale akamaliza ankafunsa ngati pali wina ali ndi funso. Ulendo uno anangotseka buku lawo n'kukuwira kwa ine: "Loretta, madonasi aja abwere msanga!"