A Morton Alibe Mudzi

A Morton Mukhiwa anabadwira m'nyumba za kampani ya tiyi, m'tsinde mwa phiri. Bambo awo anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo anafera pakampani pomwepo. A Morton nawonso anathyola tiyi zaka zoposa makumi atatu, mpaka msana unakana. Atapuma ntchito anauzidwa kuti pakatha mwezi atulukemo m'nyumbamo. Akazi awo anali atamwalira kale, choncho anakakhala ndi mwana wawo Millie, yemwe ankachita lendi kachipinda pa Chonde n'kumagulitsa tomato.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanabereke. Njala itafika povuta, kunamveka kuti kukubwera chimanga cha chithandizo, ndipo mayina akulembedwa mudzi ndi mudzi. A Morton anavala jekete yawo n'kupita kwa Abdul, mlembi wa komiti ya mudzi umene ankakhalawo.

"Pa chiphaso cha unzikachi munalembetsa mudzi wanji, bambo?" anafunsa Abdul.

"Wa Nakhonyo."

"Ndiye pepani. Boma lathuli linagawidwa m'madera a mafumu aakulu, dera lililonse lili ndi magulupu ake, gulupu ali ndi midzi yake. Mudzi wa Nakhonyo uli m'dera la mfumu ina. Dzina lanu likalembedwe kumeneko."

A Morton anali asanagonepo kwa Nakhonyo ngakhale tsiku limodzi. Pa nthawi ya kalembera wa ziphaso, olembawo ananena kuti kampani si mudzi, choncho aliyense wa m'nyumba za kampani anangotchula mudzi woyandikana nawo. Palibe amene anaganiza kuti dzina lotchula mothamangalo lidzasanduka kwawo.

Mawa lake analawirira wapansi kupita kwa Nakhonyo, akupuma pansi pa mitengo msana ukabaya. Anafika dzuwa litatentha. Mayi wa komiti ya kumeneko anawayalira mphasa, anawapatsa madzi, kenako anawayang'anitsitsa.

"Ndinu a kubanja liti, agogo? Munda wanu uli pati?"

"Ndilibe munda, mayi. Ndinali wa kukampani."

"Nkhope yanu ndikuidziwa, munkadutsa pano ndi dengu. Koma ndikakulembani inu, ndichotse ndani? Anthu akudziwana muno. Bwererani kumene mukukhala."

"Kumeneko n'kumene andituma kuno."

Mayiyo anangoweramitsa mutu.

Pobwerera anadzera kukampani. Mlonda wa pageti, yemwe anathyola naye tiyi kale, anawalonjera mwaulemu koma sanatsegule. Anati kuofesi amathandiza okhawo amene ali pa ntchito. Kudzera m'waya a Morton anaona khomo lawo lakale, zovala za ana a eni zili pachingwe.

Anafika pa Chonde mapazi atatupa. Millie anawathirira madzi ofunda m'beseni.

"Mwanawe," anatero a Morton, "dziko lonseli analigawa mpaka kumalire, palibe kachigawo kopanda mwini. Nanga ine anandiika mbali iti?"

"Tidzayesa ku Boma, ababa."

Ku Boma anapitadi. Kalaliki wina anawafotokozera moleza mtima kuti mayina amachokera kumidzi, sayambira kuofesi.

Chimanga chinabwera Lachinayi, n'kugawidwira pabwalo la sukulu. A Morton anakhala pakhonde, mawu a chimkuzamawu akumveka bwinobwino. Anamvetsera dzina lililonse kuyambira m'mawa mpaka lole inanyamuka. Kuchokera tsikulo anasiya kutuluka pakhomo. Millie akawaikira chakudya ankadya pang'ono n'kukankhira mbale kwa iye, akuti akhuta.