Ulonda wa Kaputeni Mucavele

Chipumireni ntchito ya usilikali wa pamadzi, Kaputeni Mucavele sankachoka pakhonde la nyumba yawo ku Nacala. Ankakhalira kusuzumira padoko ndi magalasi oonera kutali. Ankati dziko lonseli likuyendetsedwa ndi anthu asanu ndi awiri obisika, amene amatumizirana mauthenga ndi mbendera za sitima. Analemba mabuku atatu pa nkhaniyi, ndipo kunena zoona mapepala ake ankakulunga bwino nkhanu kumsika.

Tsiku lina mwana wawo Ermelinda anafika kuchokera kuchipatala dzuwa lili paliwombo. Nyanja inali zii, sitima zikuoneka ngati zapachikika m'malere.

"Ababa, amayi akukuitanani. Adokotala akuti mwina safika mawa."

"Taona sitima yobiriwira ija," anatero Kaputeni ngati akulota. "Yatsitsa mbendera kawiri."

"Zaka makumi anayi akukuphikirani matapa, inu lero muli pa mbendera?"

"Mwanawe, kupita ndikufuna. Koma msilikali sachoka pa ulonda mnzake asanamulandire. Zimamira nazo sitima zimenezo."

Ermelinda anapsa mtima, kenaka anawamvera chisoni. Anakumbukira mmene ankachitira asilikali pasitima iye ali wamng'ono. Anaima njo, dzanja pachipumi.

"Kaputeni, ndabwera kudzakulandirani."

Nkhalambayo inadzuka, msana kuwongoka. Inapereka lipoti lonse: mphepo ikuchokera kumwera, sitima zilipo zisanu, yobiriwirayo njokayikitsa.

"Ndakulandirani," anatero Ermelinda.

"Wandilandira." Anamupatsa magalasi aja, navala chipewa. "Usachoke mpaka ndibwere. Pawindo la amayi ako khonde lino limaoneka. Ndikaona palibe munthu, ndibwerera."

Apa mpamene Ermelinda anazindikira kuti amayi ake akhala ndi mmodzi yekha mwa awiriwo pambali pawo. Iye ndiye anawasambitsa milungu itatu, kuwadyetsa phala ndi sipuni, ndipo ankafunitsitsa kuwagwira dzanja mpaka pomaliza. Koma amene ankaitanidwa sanali iye.

Anatembenuzira magalasi kumtunda, kumene kunali chipatala. Anawaona bambo ake akukwera chitunda pang'onopang'ono m'chifungafunga cha kutentha, akucheuka katatu konse kuti aone ngati mlonda alipo. Kenaka chipewa chija chinaonekera pawindo, n'kuwerama, n'kusowa.

Dzuwa litapendeka, namwino anabwera kudzatseka katani ya windo lija. Ermelinda anamvetsa, misozi n'kuyamba kutsika. Anaimabe pomwepo, poti panalibe womulandira.