Nsalu ya Abida pa Kompyuta Yachitatu

Okutobala wa 1987 anatentha ngati akufuna kumwa mtsinje wonse wa Domasi. Sumaili anali atangomaliza fomu folo, ndipo anali pa miyezi yoyesedwa pa ofesi ina yokonza maphunziro a m'sukulu, m'chipinda cha makompyuta, pansi pa a Silas. Amalume ake anali atanena mosabisa: "Ukakhazikika pantchitopo, tipita ku Songani kwa Che Abdulkarim kukafunsira Abida. Akakuchotsa, usandiyandikire."

M'chipindamo munali makompyuta atatu, mphatso zochokera kosiyanasiyana, ndipo sankamvana. Pulogalamu yoyenda pa ina, inayo inkaikana. A Silas, amene kale ankaphunzitsa masamu, analemba kapulogalamu kodziyesa makina. "Makina a m'kati mwa makina," ankatero. "Tikakaika monsemu, phunziro tidzingolemba kamodzi, kowerenga ndi komweka." Koma kuti kakhale m'kompyuta iliyonse, malemba ake ankayenera kumasuliridwa pomwepo kupita m'chinenero cha kompyutayo. Ntchito imeneyo ankaitcha kukompayila.

Pa awiri aang'ono zinali zitatheka. Yachitatu, chimphona chotuwa cha pakona, inkatafuna malembawo pang'onopang'ono, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Ndipo madzulo a tsiku loikompayilalo akuluakulu ochokera ku likulu ankabwera kudzaona phunziro limodzi likuyenda pa onse atatu.

A Silas anaiyambitsa, manambala obiriwira a mizere n'kuyamba kukwera pagalasi. Kenaka anawaitana kuholo kukakonza za alendo.

"Iwe Sumaili, maso pagalasi, manja m'thumba. Ameneyu ndi katundu wa boma. Uja anagwetsa makina osindikizira uja unamuonanso?"

"Ayi, bwana."

"Inenso ayi."

Panja azimayi anayamba kusesa bwalo ndi masache, ndipo fumbi lofiira linkalowa pazenera ngati utsi. Kutseka zenera kunali kudziphika wamoyo. Sumaili ankangolipukuta ndi dzanja la malaya, maganizo ali ku Songani, mpaka Songani yemweyo anatulukira pakhomo: Abida, mpango wabuluu kumutu, kaphukusi m'manja. Anali atatumidwa ku Malemia kwa azakhali ake, koma njira inakhota yokha.

"Odi, a injiniya! Ndiye zilombo zanu zija ndi zimenezi?"

"Abiti Abdulkarim, a Silas akakupezani muno ndafa."

"Mufe kaye mutalandira ichi."

Inali nsalu yoyera yochindikala, yopetedwa maluwa ofiira m'mbali monse ndi mbalame ziwiri pakati. Mtsikana akakupetera nsalu wanena zonse zimene pakamwa sipanganene. Sumaili anamva ngati phiri la Malosa lamuweramira.

Abida anayendetsa chala pamwamba pa kompyuta yaikuluyo n'kumuonetsa. "Taonani fumbi! Kwathu wayilesi imafunda, makina osokera amafunda. Chinthu chamtengo ngati ichi mukuchisiya chamaliseche? Amuna inu!"

Zinamveka zoona. Ndipo kufunditsa si kukhudza. Sumaili anayala nsaluyo bwinobwino, kuyambira pamwamba mpaka kumbuyo kumene kunali timipata, n'kuipinda pansi kuti fumbi lisapeze polowera. Galasi lokha analisiya poyera. Inakongola ngati mkwatibwi.

Sumaili anati angomuperekeza Abida mpaka pamtengo wa mango. Koma pamtengo wa mango panali nkhani ya nyumba ya malata imene adzamange, ndi njinga, ndi dzina la mwana woyamba, limene anakanganirana mpaka Abida anaseka n'kugwira tsinde.

Pobwerera, fungo linamulandira pakhomo. Fungo la pulasitiki yowauka.

Manambala aja anali ataima. Pansi pake panali zilembo zosokonekera, timitanda ndi timabokosi, ngati kompyuta yalankhula m'tulo. Anasolola nsalu ija. Inali yotentha ngati yochoka pa simbi. Anaika dzanja kumbuyo kwa makinawo n'kulibweza msanga. Pamenepo m'pamene anamvetsa kuti timipata tija n'timphuno.

M'maganizo anaona Landirova ya apolisi itaima pabwalo, amayi ake akugubuduka pafumbi, Abida akukwatiwa ndi mnyamata wa pagolosale wa ku Naisi. Anaganiza zothawira kumunda kwa agogo ake kuseri kwa phiri. Anafika pakhomo, n'kugundana ndi a Silas.

A Silas ananunkhiza, anayang'ana galasi, anayang'ana nsalu ili m'manja mwa mnyamatayo. Anazimitsa makinawo, anatulutsa disiki n'kuiyang'ana pakuwala.

"Unaifunditsa?"

"Fumbi, bwana. Ndimati..."

"Unkati ndi wayilesi ya amalume ako. Tenga chikatoni icho, pepeza."

Sumaili anagwada kuseri kwa chimphonacho n'kuyamba kupepeza ngati wokoleza mbaula. Thukuta linkalowa m'maso. Patapita nthawi a Silas anabwezeramo disiki ija n'kuyatsa. Galasi linakhala lakuda, lakuda ndithu, mpaka Sumaili anayamba kutchula mayina a Mulungu chamumtima. Kenaka kadontho kobiriwira kanaphethira.

"Yadzuka," anatero a Silas. "Koma kudzuka si kuchira. Tiyambiranso pa mzere woyamba. Ikafika kumapeto, nkhaniyi ithera muno. Ikaimanso panjira ndiye kuti m'katimo mwapsa china chake, ndipo akandifunsa amene anali m'chipinda sindinama. Ndili ndi ana, Sumaili."

Manambala anayambanso kukwera, mwaulesi wake womwe uja. Sumaili, amene moyo wake wonse ankafuna zinthu zifulumire, anakhala chogwada, akupepeza, osaona n'komwe galasi. Ankawerenga nkhope ya a Silas basi. Disiki ikalira kwiii, mtima unkabwerera. Ikakhala chete, ankafa pang'ono. Kuholo ana a sukulu anayamba kuyeserera nyimbo yolandirira alendo. Mthenga anasuzumira pazenera: "A Silas, akuti magalimoto adutsa pa Songani!"

"Tafika pomwe inaima paja," a Silas ananong'ona.

Disiki inakhala chete. Sumaili sanaleke kupepeza. Ntchentche inatera pamphumi pake, osaithamangitsa. Kenaka kwiii, kwiii, ndipo a Silas anapumira m'mwamba.

Pamene magalimoto ankalowa pachipata, ntchito inali isanathe. A Silas anatuluka akumanga tayi, ndipo Sumaili ankawamva panja akutalikitsa malonje, akuonetsa alendo mitengo ya maluwa, ngakhale thanki ya madzi, kuti nthawi ipite. Iye anatsala yekha ndi chimphona chake. Anakwawa n'kusuzumira pagalasi. Manambala anali ataima.

Anatseka maso. Atawatsegula anaona kuti pansi pake panalibe timabokosi tija. Panali mawu aafupi achingerezi onena kuti yamaliza popanda cholakwa.

Nsapato zinamveka pakhonde. A Silas analowa patsogolo pa alendo, maso awo n'kuthamangira pakona. Sumaili anagwedeza mutu kamodzi. A Silas anadina mabatani pa makompyuta onse atatu, ndipo pa magalasi atatu panatuluka funso limodzi la masamu, lofanana ndendende. Alendo anaomba m'manja.

Mkulu wina wa suti yakuda analoza Sumaili, amene anali chigwadire ndi chikatoni chake. "Nanga uyu akupempherera chiyani?"

"Ndi wothandizira wanga, bwana," anayankha a Silas. "Tikumulemba ntchito mwezi wamawa. Dzuka, iwe, upereke moni."

Sumaili anayesa kudzuka. Maondo, atauma ndi kugwada, anakana.