Revi Kaunta ya a Longwe

A Jairos Longwe a ku Kande anali munthu woti ngakhale popita kukanyamula matumba a usipa ankamanga tayi. Anayendetsa lole pa esiteti ya mphira zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito anagula Datsun yakale ya pikiapu, yobiriwira, yaikulu msinkhu kuposa mwana wawo Ethel. Muvi wa sipidi unafa kalekale, koma iwo analibe nazo ntchito.

"Galimoto timayendetsa ndi khutu," ankatero. "Injini ikafuna giya imapempha yokha."

Tsoka ilo, khutu lomwelo ndi limene linayamba kuwathawa. Iwo ankakana kwamtuwagalu. Ankati anthu a masiku ano amalankhulira m'mimba, ngakhale abusa amene. Koma Kande yense ankadziwa, chifukwa Datsun ikanyamuka inkalira pa giya yachiwiri ngati nkhumba yomangidwa panjinga, mwini wake ali mwee, kubayibitsa anthu amene atseka makutu m'mbali mwa msewu.

Chodabwitsa n'chakuti akakwera ndi akazi awo, a Belita, galimoto inkayenda mwaulemu. A Jairos kusiyanako sankakumva. Chimene chinkawavuta iwo chinali china. Kwa zaka ziwiri tsopano mayiwo anali atayamba khalidwe lachilendo: galimoto ili pa liwiro, ankangofikira kuika dzanja pabondo la amuna awo. Mkulu wa mpingo wathunthu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona! A Jairos ankalichotsa dzanjalo msangamsanga, ndipo pobisa manyazi ankagwira ndodo ya giya imene inali pomwepo n'kusintha. Mumtima ankanyadira ndithu kuti pa ukalamba wonsewu akadali kukondedwa chonchi, koma sankauza munthu.

Ethel, amene ndi namwino ku Mzuzu, atabwera kutchuthi anamva galimoto ya bambo ake ikadali kumsika iye ali pakhomo. Itafika sanadikire n'komwe kuti atsike.

"Ada, makiyi mundipatse," anakuwa pawindo. "Mudzaphulitsa injini, kapena basi idzakuimbirani hutala inu osamva."

"Usakuwe, ndikumva bwinobwino. Wati chiyani?"

Anakangana mpaka anapangana chimodzi. Loweruka a Jairos adzatenga amayi a Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, kupita nawo kumsonkhano ku Mpamba, ndipo Ethel adzakhala kutsogolo. Galimoto ikadzalira monga mwa masiku onse, makiyi adzapita ku Mzuzu m'chikwama cha Ethel.

A Jairos anachita mantha enieni. Popanda Datsun akanakhala ndani? Nkhalamba ya tayi yokhala pakhonde, kumaingitsa nkhuku pa chinangwa choyanika.

Lachinayi anapita ku Chintheche kwa Laston, makaniko wa ku Thyolo amene galaja yake ndi mtengo wa mango.

"Ndili ndi mnzanga," anayamba motero, akukonza tayi. "Makutu ake ayamba ulesi. Sakumva injini ikapempha giya."

"Mnzanuyo ali ndi Datsun yobiriwira?" Laston anafunsa mokweza.

"Zimenezo si zako. Pali mankhwala kapena palibe?"

Laston anafukula m'bokosi la zitsulo n'kutulutsa chinthu chonga wotchi, chokhala ndi muvi wofiira. Anati dzina lake ndi revi kaunta, ntchito yake kuonetsa mmene injini ikuthamangira, ndipo anaichotsa m'chigalimoto cha alendo chimene chinafera kunyanja. Pa dashibodi ya Datsun panali bowo limene kale munkakhala wotchi ya nthawi, ndipo inalowa ngati anachita kuyeza. Waya wina anaulumikiza ku koyilo, wina ku fyuzi, wina anaumangira pachitsulo.

"Muuzeni mnzanuyo kuti muvi ukafika pa 3 azisintha giya. Asamvere khutu, aziona apa basi."

Kumbuyo kwa wotchiyo kunali kaswitchi kolembedwa 4, 6 ndi 8, kosankhira kuchuluka kwa masilinda a injini. Chigalimoto cha alendo chija chinali ndi asanu ndi atatu, Datsun ili ndi anayi, ndipo kaswitchiko kanatsala pa 8. Ndiye kuti muvi unkaonetsa theka chabe la zoona. Laston akanazindikira akanaponda moto pang'ono, koma atangoti ayese, a Jairos anazula kiyi.

"Petulo si madzi a m'nyanja, mwana wanga."

Pobwerera ku Kande muvi sunayandikire n'komwe pa 3, ngakhale mbuzi zinkathawira kutchire njira yonse. A Jairos anafika pakhomo akuimba mluzu. Umboni anali nawo tsopano woti Ethel amangowanamizira.

Loweruka amayi khumi ndi awiri anakwera kumbuyo, mabulauzi oyera mbee, masiketi akuda. A Belita, pokhala oyambitsa nyimbo, anakwera komweko. Ethel anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo.

Ananyamuka bwino. Giya yoyamba, yachiwiri, kenako a Jairos anayang'ana wotchi yawo. Muvi unali pa 2. Anaponda moto. Unasuntha pang'ono. Anapondanso, maso ali pa muvi, mtima uli m'malo ngati munthu amene akutsata malangizo a dokotala.

Kumbuyo amayi anali atayamba nyimbo, koma podutsa pa Bandawe aliyense ankangoona kukamwa kwa mnzake kukuyasama. Pa Chintheche ogulitsa nthochi anaimirira, ndipo Laston anatuluka pansi pa galimoto imene ankakonza, manja ali kumutu. A Jairos anamubayibitsa mokondwa.

"Ada, sinthani!" Ethel anakuwa.

"Sunafike pa 3!" anayankha, akuloza wotchi ndi chala. "Wapita kusukulu iwe, werenga wekha!"

Datsun inapirira, pakuti zinthu zakale n'zopirira. Koma atalowa m'mitengo ya mphira, pa esiteti yomweyo imene a Jairos anagwirapo ntchito moyo wawo wonse, nthunzi inatuluka m'boneti kuti fwaa, galimoto n'kuima. Kunangoti zii. Mayi Lyness, mlembi wa Umanyano, anatsika n'kufunsa ngati onse ali moyo. Omwe ankatema mphira anasiya ntchito kudzaonerera.

Ethel anangotambasula dzanja kufuna makiyi.

A Jairos anayang'ana wotchi, anayang'ana nthunzi, anayang'ana nkhope za amayi amene ankazitikita makutu. Apa ndi pamene anavomera mumtima kuti injini yakhala ikulira nthawi yonseyi, iwo okha osaimva. Zinawapweteka kwambiri, koma anazula kiyi.

"Tadikirani," anatero a Belita, akutsika bwinobwino kuti asadetse bulauzi. Anafika pawindo, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu la amuna awo, koma mawu ake anamveka mpaka m'mitengo. "Bambo a Ethel, zaka ziwiri ndakhala ndikukugwirani bondo. Mumayesa n'chiyani?"

A Jairos anayang'ana uku ndi uku. "Ama, zimenezo pagulu?"

"Ndikufunsa, mumayesa n'chiyani?"

"Chikondi," anayankha motsitsa.

"Inali giya!"

Amayi a Umanyano anaseka mpaka ena kukhala pansi pa udzu, yunifolomu ili m'thupi. Mayi Lyness duku linagwa. Ngakhale Ethel anabisa nkhope m'chikwama. A Jairos anakonza tayi imene inali kale bwinobwino, akulakalaka pansi patang'ambika.

A Belita anatenga kiyi m'dzanja lawo, koma sanampatse Ethel. Anaimanga pa nsonga ya chitenje.

"Kiyi izikhala ndi ine," anauza mwana wawo. "Maso ali nawo, manja ali nawo, makutu ndili nawo ndine. Galimoto iyi siyendanso ine mulibe. Iwe pita kumbuyo ukaimbe."

Ethel anaganiza pang'ono, kenako anakwera kumbuyo. Anadikira injini izizire, otema mphira anabweretsa madzi m'ndowa, ndipo a Belita anamasula kiyi n'kukhala pamalo awo. Wotchi ija anaiphimba ndi kampango kopukutira thukuta.

Anayenda. Dzanja linafika pabondo, a Jairos anasintha, nkhope ili gwa, osayang'ana kumbali. Linafikanso, anasintha. Kachitatu analowetsa giya yachinayi, yomaliza, ndipo Datsun inayenda mofatsa mwakuti nyimbo ya kumbuyo inamveka mawu ake onse. Koma a Jairos mtima unali wolemera. Makiyi anali atapulumuka, inde, koma chimene anachisunga mumtima zaka ziwiri chinali chitasanduka giya.

Atatsala pang'ono kutuluka m'mitengo ya mphira, msewu uli see, dzanja linabweranso. A Jairos anagwira ndodo, n'kupeza kuti magiya atha.

"Ama, palibenso ina," anatero.

"Ndikudziwa," anayankha a Belita, maso ali kunja pawindo.

A Jairos sanamve yankholo. Koma dzanja silinachoke, ndipo iwo sanalichotse mpaka ku Mpamba.