Mano a Achimwene mu Ayezi

Tsiku lodula ayezi kunyanja youndana ya kwathu, achimwene anga a Bahilai anabwerako ndevu zili mbuu ndi chisanu, n'kukhala pafupi ndi mbaula. Ndinawapatsa nthuli ya nyama ya hatchi. Anailuma, n'kuilumanso, kenako anandiyang'ana ngati ndawabera.

"Mano anga ali kuti?"

"Munandisungitsa ine?" ndinatero.

Mano awo oikirira, amene anakawatenga kutauni, munalibe m'kamwamo. Kuzizira kwa tsikulo kunali kochititsa dzanzi nkhope yonse, moti munthu wamkulu anayenda ulendo wonse wochokera kunyanja osadziwa kuti m'kamwa mwatsala nkhama zokha. Atakhala pang'ono anakumbukira kuti anayetsemula kwambiri pomwe ankakoka chibuma chonyowa cha ayezi. Ndiye kuti manowo anagwera pachibumapo, madzi n'kuwakuta, n'kuundana. Zibumazo zinali zitakwezedwa kale pachileyi n'kugawidwa khomo ndi khomo, aliyense mulu wake wa madzi akumwa a nyengo yonse yozizira.

Ena akanangoseka n'kudikira ulendo wa kutauni. Koma achimwene anali ndi nkhani pamtima. Tsidya la msewu kumakhala a Daaya, mayi wamasiye, ndipo kwa zaka zambiri achimwene ankawawazira nkhuni, kuwakolopolera chipale chofewa pakhomo, n'kumabwerako osanena chomwe mudzi wonse unkachidziwa. Tsono mwana wa a Daaya anali atanena kuti Chaka Chatsopano chikafika adzawatenga akakhale kutauni, kumene madzi amatuluka pampopi. A Daaya anandiuza okha kuti, "Ndipita, nanga pali wondigwira mwendo kuno?"

Ine ndinafikitsa mawuwo monga analili, ndi mchere pang'ono.

"Kalankhuleni lero lomwe, achimwene."

"Findipita!" anatero, malovu akuthovokera pambaula. "Mkamwa mofanda mano ndikafunfire mkafi?"

Kufufuza manowo anayamba ndi mulu wathu. Chibuma chilichonse ankachilowetsa m'nyumba, kuchisungunula mumgolo, n'kuvundula ndi chikombe. Madzi anadzaza mapoto, zidebe, ngakhale beseni lochapira. Otsala ankawakhuthulira panja, mpaka pakhomo pathu panasanduka poterera, ine n'kugwa chagada nditanyamula mkaka. Madzi amene tikanamwa mpaka kutentha kubwere anatha mwezi usanathe, ndipo sitinapezemo ngakhale dzino limodzi. Ndinakwiya kwambiri, ndipo sindinabise.

Kenako anayamba kuyendera milu ya anthu. Dzuwa likangosuzumira masana, iwo ali pakhomo la eni, mpango wafika m'maso, akupukuta zibuma ndi gulovu n'kumasuzumiramo. Chinsinsi m'mudzi mwathu sichigona panja, chimaopa kuzizira. Posakhalitsa aliyense ankayamba wavundula tiyi asanamwe.

"A Bahilai, mwalephera kuweta ng'ombe mwayamba kuweta mano?" ankatero anzawo. "Aitaneni, mwina abwera okha!"

Mulu umodzi wokha ndi umene sanauyandikire, wa a Daaya. Akawaona akutuluka, ankakhotera kuseri kwa khola ngati mbuzi yakuba. Nkhuni ankawazabe, koma eni ake akapita kusitolo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwana uja afike, ndinatopa nazo. Ndinawaveka chipewa achimwene, n'kuwakoka dzanja mpaka tsidya la msewu. M'nyumba mwa a Daaya katundu anali atamangidwa kale. Mtima wanga unawawa nditaona makoma opanda zithunzi.

"Vulani mpangowo, a Bahilai, muno mukutentha," anatero a Daaya.

Achimwene anapukusa mutu, thukuta lili kamukamu.

"Chabwino. Koma mumgolo mwatha madzi a tiyi. Kanditengereni chibuma, chomwe chili pawindo panjapo."

Anatuluka. Sipanapite nthawi tinamva mfuu ngati munthu waponda msomali. Ndinathamangira pawindo, n'kupala chisanu pagalasi. Chibuma chinali chitakhazikidwa bwinobwino pachitsa, ndipo mkati mwake, moyang'ana kukhitchini, munali mano a achimwene, apamwamba ndi apansi, akuseka mwakachetechete.

Achimwene analowa atachikumbatira ngati khanda. Mpango unali utagwa, ndipo anaiwala zoubweza.

"Munawaona liti?"

"Tsiku lomwe anabwera pachileyi," anatero a Daaya.

"Ndiye ofanena bwanji? Ine madfi onfe ndamalifa!"

"Ndinene kwa ndani, kwa munthu wondithawira kuseri kwa khola?" A Daaya anakhala pamtolo wa zofunda. "Zaka zonsezi mumabwera kuno nkhope ili ndwii ngati mwabwera pamaliro. Awa okha ndi amene amandisekerera m'mawa uliwonse ndikamaphika. Ndinawazolowera. Ndimati ndipite nawo kutauni, ndizikawayang'ana mufiriji."

Ine ndinkafuna kuseka, koma ndinadzigwira. Achimwene anayang'ana chibuma, n'kuyang'ana mgolo. Ndinadziwa zomwe ankaganiza: ayambe asungunula, avale mano, apese ndevu, ndiye alankhule mawa kapena chaka chamawa. Ndinawaponda phazi ndi mphamvu zanga zonse.

Anaika chibumacho pansi.

"Mufapite," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Mufapite, a Daaya. Ndikufunani."

A Daaya anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wawo. "Mwaona? Mawu amenewo ndawamva bwinobwino, chikhalirecho mano ali pansipo."

Mwana uja anabwerera kutauni ndi thumba la nsomba zowuma ndi chisanu basi. Achimwene anasamukira tsidya la msewu, mano ndi zonse, ndipo masiku ano akamapita kunyanja amawasiya m'kapu pawindo la mkazi wawo. Ine ndinatsala ndekha ndi mgolo wopanda kanthu, moti mpaka ayezi atasungunuka panyanja ndinkakapempha madzi kwa alamu anga. Ankandipatsa ndi mtima wonse, koma chibuma chilichonse ndinkayamba ndachisuzumira.