Landilodi wa Seva Yatsopano

Kodi mukuganiza kuti seva yatsopano ya pakampani ya a Gershom inayamba kukana ndani? Mbala? Taganizani kaye.

Jemimah anali chogwada kuseri kwa kabati yachitsulo, zingwe zili m'manja, pamene a Gershom analowa. Kampani yawo, ku Parklands mu Kitwe, inkagulitsa zipangizo za kumigodi, ndipo makompyuta ake akale anali atatopa. A Gershom anamutenga Jemimah paganyu kuti akonze seva, kompyuta imodzi yaikulu yolowa m'malo mwa onsewo. Anamulonjeza kuti ikayenda bwino, ntchito yoiyang'anira idzakhala yake.

"Mwana wa kwathu, zikuyenda?" anafunsa m'Chinyanja, pakuti onse awiri anali akum'mawa kwa Zambia, ndiponso a mpingo umodzi.

"Zikuyenda, bambo. Makinawa ali ngati nyumba ya lendi ya ku Mushili. Denga ndi limodzi, koma m'kati ndadula zipinda. Chipinda chilichonse ndi kompyuta payokha: china cha malipiro, china cha katundu, china cha maimelo. Chimodzi chikapsa, zinazo sizimva n'utsi womwe."

"Nanga landilodi ndani?" anaseka a Gershom.

"Amene ali ndi pasiwedi yaikulu. Akhale mmodzi yekha, bambo. Makiyi akachuluka, nyumba imasanduka msika. Ndipo munthu akasiya ntchito, dzina lake lizitsekedwa tsiku lomwelo, popanda chisoni."

"Mutu uwu!" anatero a Gershom, akugwedeza chala mokondwa.

Jemimah anagwira ntchitoyo ngati yake. Anagawa malo a m'madisiki, analumikiza netiweki, anayesa mabatire pozimitsa dala magetsi, kenako anasamutsira makompyuta akale aja m'zipinda zawo. Mervis, wolandira alendo, ankamusuzumira pakhomo.

"Iwe, ukukolopa nyumba ya eni ngati ukwatiwamo! Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo."

Jemimah ankangoseka.

Tsiku lomaliza ntchitoyo, a Gershom anabwera ndi mnyamata wovala tayi. Anali Osward, mwana wa mlongo wawo, wongomaliza kumene maphunziro a makompyuta. Ulendo uno a Gershom anamuyankhula Jemimah m'Chibemba, monga amayankhulira ndi mlendo m'basi.

"Muonetse zonse. Ukatha, alembe pasiwedi yake."

"Nanga lonjezo lija, bambo?" Jemimah anakakamira Chinyanja.

"Suja unanena wekha kuti landilodi akhale mmodzi? Chibale ndi fupa, sichiola. Tidzakukumbukira m'mapemphero."

Osward anazolika. "Pepani, asisi. Ine sindimadziwa."

Jemimah anamuonetsa zonse, osabisa kanthu, mawu ali ouma gwa. Pamene mnyamatayo ankalemba pasiwedi, iye anatembenukira kukhoma, monga mwa lamulo limene anaika yekha.

Lolemba Jemimah anabwera kudzatenga zida zake. Anapeza Mervis ali jenkha pakhomo.

"Mulungu wakutuma! Maimelo sakutuluka, makasitomala akundidya wamoyo, ndipo landilodi wako sanafike. Tandithandiza, mwali."

Vutolo Jemimah ankalidziwa, linali laling'ono. Anaika chikwama pansi, nakhala pampando umene anauzolowera, n'kulemba dzina lake ndi pasiwedi yake.

Pagalasi la kompyuta panatuluka mzere wofiira womukana. Analembanso mosamala. Mzere womwewo.

Osward anali wophunzira wabwino. Anamvera lamulo lonse, tsiku lomwelo, popanda chisoni.

Munthu woyamba kukanidwa ndi seva ija anali Jemimah.